Diso la kadziwotche ndi makina oyeza mpweya

Mvula yoyamba ikagwa ku Kabwata kapena ku Chelstone mu Lusaka, akadziwotche amaunjikana pa babu la pakhonde. Kachilombo kameneka kali ndi mbali yake m'mbiri ya makina oyeza mpweya, amene amateteza moyo wa wodwala pa opaleshoni.

Mbiriyi inayamba mu 1800, pamene William Herschel anatulukira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Mu 1859, John Tyndall anasonyeza ku London kuti mpweya wa carbon dioxide umameza kuwalako, ndipo pofika mu 1943 Karl Luft wa ku Germany anali atapanga makina oyezera mpweya motsatira mfundo imeneyi. Mdzukulu wa makinawo ndi capnograph, yoyeza carbon dioxide mu mpweya umene wodwala amatulutsa. Dokotala wogoneka odwala, kaya ku University Teaching Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa, akakhala nayo amadziwa msanga ngati paipi yopumira yalowa m'njira ya mpweya kapena yasochera kum'mero wa chakudya.

Pamene pankavuta ndi pa kazenera kotchinga kachipangizo koyeza kuwala ku chinyezi ndi fumbi. Galasi wamba limatsekereza kuwala kumene carbon dioxide amameza, choncho akatswiri amagwiritsa ntchito sapphire, silicon kapena germanium. Izinso zili ndi vuto lake: germanium amabweza kuwala kopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu pankhope imodzi yokha. Akamupaka utoto wochepetsa kunyezimira, utotowo umatha kusupuka ndi kutentha, chinyezi kapena kupukutapukuta.

Apa ndi pamene kadziwotche analowerapo. M'zaka za m'ma 1960, Carl Gustaf Bernhard wa ku Sweden anaona kuti diso lake lili ndi timabampu tating'onoting'ono, totalika pafupifupi mananomita 200, timene timalowetsa kuwala pang'onopang'ono osakubweza. Mu 1973, Clapham ndi Hutley a ku Britain anatengera luso limeneli pagalasi. Lero ofufuza amasema timabamputi pa kazenera penipenipo, kotero palibe utoto woti n'kusupuka, ndipo tina timakananso madzi.

Kwa anthu a ku Lusaka, kumene fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse ndipo zida zosinthira zimachokera kutali, kulimba kotereku n'kofunika kwambiri. Koma choyamba makinawo apezeke: mu 2023 mabungwe a Smile Train ndi Lifebox anatulutsa capnograph yotsika mtengo, poti zipinda zambiri za opaleshoni m'maiko osauka zikugwirabe ntchito popanda chida chimenechi.