Zilembo Zimene Zinafika pa Ngalawa

Tikamakonza chithunzi cha pa WhatsApp kapena chikwangwani cha shopu pa foni, ambiri timakopeka ndi zilembo zopindika za Chiarabu. Timazitenga ngati maluwa okometsera, osadziwa kuti mbiri yake inadutsa pafupi ndi kwathu.

Ife a kwa Ndake, ku Nyimba ndi ku Petauke, tinakula tikumva kuti kulemba kunabwera ndi amishoni, monga a Dutch Reformed amene anafika ku Magwero mu 1899. Kwathu kuno n'zoona. Koma kum'mawa, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, zilembo zina zinali zitafika kale. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Cha m'ma 1870 mfumu ya Ayao, Makanjila, inalowa Chisilamu, ndipo alembi a mafumu ankalemba makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Ana m'madrasa ankaphunzira polemba pa matabwa. Tisabise: ngalawa zomwe zinabweretsa aphunzitsi ndi inki, zinkaolotsanso minyanga ya njovu ndi akapolo opita ku Kilwa.

Malonda a pa nyanja ya Indian anafikitsanso zilembo zomwezi kwa Amalay, ku Malaysia ndi ku Brunei. Iwo anazisandutsa zawozawo. Poona kuti Chiarabu chilibe zilembo za mawu ngati p, ch, ng' ndi ny, omwe nafenso tili nawo m'Chinyanja, anawonjezera madontho pa zilembo zakale n'kupanga zatsopano. Kalembedweka amakatcha Jawi. Mwala wa ku Terengganu, umene akatswiri ambiri amati ndi wa 1303, uli ndi malamulo olembedwa m'Chimalay ndi zilembo zimenezi, ndipo UNESCO inauika m'kaundula wake mu 2009.

Lero ku Malaysia amalemba kwambiri ndi zilembo za Chilatini ngati ife, koma Jawi sanaitaye. Ili pa ndalama zawo za ringgit, ku Brunei ndi kalembedwe kovomerezeka ndi boma, ndipo zilembo zake zili mu Unicode, choncho mafoni ambiri amatha kuzionetsa. Achinyamata awo amajambula khat, luso lolemba mokongoletsa, pa kompyuta. Nkhaniyi si yozizira ayi: mu 2019, boma litafuna kuika khat m'maphunziro a sukulu za pulaimale za Chitchaina ndi Chitamil, panabuka mkangano waukulu pa funso lakuti zilembozi ndi za mtundu kapena za chipembedzo.

Funso lomwelo likutiyembekezera. Mawu okongola amene tatola pa intaneti akhoza kukhala vesi la Kurani, ife n'kuliika pa chikwangwani cha bala. Tisanasindikize, tiyeni tifunse mnzathu wodziwa kuwerenga, kaya ku mzikiti wa ku Chipata kapena ku Lusaka. Ndipo ngati agogo ena akusunga kalata yakale ya zilembo zimenezi m'sutikesi, tiipemphe mwaulemu, tiijambule ndi foni chiswe chisanaidye.