Linga la Fort Manning, Mlonda wa Malire a Kumadzulo

Maiko a m'mphepete mwa nyanja yamchere amamanga nsanja zazitali za nyali zolondolera zombo usiku. Nkhondo ikabuka, nsanja zomwezo zimasanduka malo a alonda, ndipo nthaŵi zina nyali zake zimazimitsidwa kuti adani asapeze njira. Dziko la Malaŵi silifika ku nyanja yamchere, komabe lidali ndi malo otere a alonda pamtunda. Ena mwa malowo ndi linga lija lidamangidwa m'dera limene lero likutchedwa Mchinji.

Mbiri ya lingali imayambira pa Angoni. M'chaka cha 1835 Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi ndi anthu ake pochokera kumwera. Iye atamwalira mtunduwo udagaŵikana, ndipo mwana wake Mpezeni adadzakhazikika m'dera limene muli mzinda wa Chipata lero. Kuchokera kumeneko ankhondo ake ankafika m'midzi ya Acheŵa, ngakhalenso m'dziko la mfumu Mkanda, kulanda chakudya ndi kugwira anthu. Acheŵa ena adathaŵira m'mapiri, ena adagonja nakhala pansi pa ulamuliro wa Angoni.

Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwao, koma Mpezeni sadawagwadire. Iyeyu adali pa ubwenzi ndi Carl Wiese, mzungu wa ku Germany wogula minyanga ya njovu, amene ankanena kuti mfumuyo idampatsa chilolezo chokumba miyala yamtengo wapatali. Chilolezo chimenecho chidagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, tsono azungu ofuna golide adayamba kuloŵa m'dzikomo. Mpezeni, pokhala nkhalamba, sankafuna nkhondo. Koma mwana wake Nsingu pamodzi ndi anyamata ankhondo adaona kuti dziko likupita iwo akupenya.

Kumapeto kwa 1897 boma la ku Zomba lidalandira uthenga woti azungu aja azingidwa. Mu Januwale 1898 asilikali a boma, ena Amwenye a mtundu wa Sikh ndipo ena amuno momwe, adaloŵa m'dziko la Mpezeni atanyamula mizinga ndi mfuti za Maxim. Nthungo ndi zishango sizidathe kulimbana ndi zida zotere. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo mu Febuluwale Nsingu adaphedwa moomberedwa ndi mfuti. Patangopita masiku oŵerengeka Mpezeni adadzipereka yekha. Iye adamwalira mu 1900.

Lingali lidamangidwa chifukwa cha nkhondo imeneyi, ndipo lidatchedwa Fort Manning potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikaliwo, amene pambuyo pake adadzakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. Malowo sadasankhidwe mwachisawawa. Mapiri a Mchinji ali pamsana pamene madzi amapatukana: ena amatsikira mu Bua kunka ku Nyanja ya Malaŵi, ena amaloŵera chakumadzulo kunka mu Luangwa. Malire a maiko aŵiriŵa amatsata msana womwewo. Choncho wokhala pamenepa ankayang'anira njira yochokera kwa Mpezeni kuloŵa m'chigawo chapakati. Monga nsanja ya nyali ija, ntchito ya lingali idali kupenya, kuchenjeza ndi kusunga njira.

Kodi linga limeneli linkateteza yani? Kwa mlimi wa Chicheŵa, kutha kwa nkhondo kudampatsa mpata wotsika m'phiri ndi kulima munda wake mopanda mantha. Koma mphamvu yomweyo idadza ndi msonkho ndiponso ntchito za m'minda ya azungu. Kwa Mngoni, lingali lidali chikumbutso cha kugonja, pakuti ngakhale mwambo wa Ncwala udaleka kuchitika mpaka mu 1980. Malirewo adalekanitsanso abale: mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni adatsalira mbali ya Malaŵi pamene Mpezeni ali ku Zambia, ndipo Acheŵa a ku Mchinji amaoloka malire omwewo popita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete.

Maiko aŵiriŵa atalandira ufulu mu 1964, maina a malinga adachotsedwa. Fort Manning idasanduka Mchinji, Fort Jameson idasanduka Chipata, monganso Fort Johnston idakhala Mangochi ndipo Fort Hill idakhala Chitipa. Njanji yochokera ku Lilongwe idafika ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 idalumikizidwa mpaka ku Chipata. Njira imene asilikali ankailondera ndi mfuti ndiyo imene amalonda ndi anthu okacheza kwa abale ao amadzeramo lero.