Utsi wa pa Mafuwa

Mafuwa atatu, nkhuni zolozetsa mitu pakati, mphika pamwamba. Umu ndi mmene midzi ya m'Malawi yakhala ikuphikira kuyambira nthawi ya makolo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse amaphikirabe nkhuni.

Kale moto unkakhala m'nyumba yogonamo momwe, nyumba yozungulira, yomata ndi dothi, yopanda zenera. Utsi unkadzipezera njira mu udzu wa denga, ndipo palibe ankauyesa mdani chifukwa unali ndi ntchito zake. Pamwamba pa moto ankamangapo nsanja yowumitsirapo mawere, nsomba ndi nyama. Chimanga cha mbewu ankachipachika kutsindwi kuti chide ndi mwaye, anankafumbwe asachiboole. Utsi womwewo unkaingitsa udzudzu ndi kuteteza mitengo ya denga kuti isafumbwe msanga. M'nyengo yachisanu, kumalo ozizira ngati Dedza ndi Ntcheu, chitsa chinkanyeka usiku wonse, ana atagona pamphasa pafupi nacho.

Mwana ankaudziwa utsi asanalidziwe dzuwa. Masiku ake oyamba ankathera m'chikuta, moto uli chiyakire kuti mayi ndi khanda asazizidwe. Akatuluka m'chikutamo ankapita kumsana, ndipo mayi akawerama kuuzira nkhuni zaziwisi kapena zitsononkho, kamutu ka mwanayo kankaweramira komweko. Ngakhale mabanja atayamba kumanga khitchini yapadera kuseri kwa nyumba, khanda linapitabe kumafuwa, pakuti mayi wotakasa nsima alibe womusiyira. Usiku koloboyi wa palafini ankawonjezera wake utsi wakuda, mpaka matochi a mabatire ndi nyali za sola zitamulanda malo.

Madokotala akhala akunena kuti utsi wa nkhuni uli ndi tinthu tosaoneka ndi maso tomwe timalowa mkatikati mwa mapapo n'kufooketsa chitetezo chake. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, choncho amameza tambiri. Chibayo, chomwe amayi amachizindikira nthiti za mwana zikamalowa mkati popuma, ndi amodzi mwa matenda opha ana ambiri osakwana zaka zisanu.

Njira yomwe inaoneka yachidule inali kusintha chophikira. Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi n'kuwotchedwa ngati mphika, inafala kudzera m'magulu a amayi oumba, ndipo mu 2013 boma la Joyce Banda linalonjeza mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Mbaulayi imapulumutsadi nkhuni, zomwe n'zazikulu kwa mtsikana wosenza mtolo kuchokera kuphiri.

Koma za chibayo zinakhala zina. Kuyambira 2013, ofufuza otsogozedwa ndi Liverpool School of Tropical Medicine anatsata ana oposa 10,000 m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Theka la midziyo linalandira mbaula zamakono za Philips, zokhala ndi kachipangizo kouzira mphepo koyendera sola. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, ana a m'mabanja a mbaula zija anali atadwala chibayo mofanana ndi anzawo a pamafuwa. Chinachepako ndi kupsa ndi moto.

Aliyense wokulira kumudzi sangadabwe kwambiri. Mbaula zinkawonongeka, ndipo mphika waukulu wa thobwa kapena wa pamaliro sukhala pa kambaula, umafuna mafuwa. Kunja nako anthu amatentha zinyalala, mapesi ndi tchire, pomwe mwana wonyentchera amagwidwa chibayo msanga ngakhale mpweya utayera. Kuloza chala mayi kuti akukakamira zachikale n'kumulakwira, chifukwa moto umene akuuzidwa kuti ausiye ndi womwe umafunditsa ana ake ndi kusunga mbewu yake. Chida china cholimbana ndi chibayo chinafika kudzera ku sikelo: mu November 2011 dziko la Malawi linayamba kubaya makanda katemera woteteza ku tizilombo tina toyambitsa chibayo, ndipo alangizi a zaumoyo amamupereka m'midzi momwemo.