Ululu Wokhalitsa mwa Ana ndi Mmene Foni Ingatithandizire

Ululu timati ndi wokhalitsa ukapitirira miyezi itatu. Mwa ana athu umabwera kawirikawiri ndi matenda a sickle cell ndi khansa. Chovuta nchakuti mwana wamng'ono satha kufotokoza kukula kwake, ndipo ena amangokhala duu poopa jakisoni.

Nchifukwa chake achipatala amaonetsa mwana wa zaka zinayi kapena kuposerapo zithunzi za nkhope zisanu ndi imodzi, zoyimira nambala kuchokera pa 0 mpaka 10, kuti aloze yofanana ndi mmene akumvera. Masiku ano nkhopezi zimapezekanso pafoni. Kholo likamalemba nambalayo tsiku ndi tsiku, komanso mmene mwana wagonera ndi mankhwala amene wamwa, dokotala amaona msanga ngati mankhwalawo akuthandiza kapena pafunika morphine wamadzi. Koma mlingo wa mankhwala tisausinthe tokha. Foni siipima mwana.

Kuno ku Lilongwe zamakonozi si zachilendo. Mu 2001 makompyuta ongodina ndi chala a bungwe la Baobab anayamba kusunga mbiri ya ana odwala pachipatala chimene lero timati Kamuzu Central. Mu 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti mankhwala a ululu wotere aziyendera limodzi ndi mafizo ndi uphungu.