Mbiri ya Giza ndi Zizindikiro za Kukalamba Kwake

Madzi otentha otuluka pampopi ndi chinthu chadzana ndi dzulo, pakuti mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800 ngakhale mabanja olemera a ku Ulaya ankatereka madzi osamba pamoto n'kuwatunga ndi ndowa. M'chaka cha 1868, mmisiri wina wopenta wa ku London, Benjamin Waddy Maughan, anapanga chipangizo chotenthetsa madzi ndi gasi pamene madziwo akuyenderera kupita m'bafa, ndipo anachitcha Geyser potengera kasupe wa madzi otentha wa ku Iceland, dzina limene linafika kummwera kwa Africa n'kukhala giza. Chipangizochi chinalibe chumuni chotulutsira utsi kunja, motero wosamba ankapuma carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha mwakachetechete. Kuyambira pamenepo amisiri akhala akulimbana ndi funso limodzi: angatani kuti giza ikamawonongeka ichenjeze eni nyumba isanapweteke munthu.

Giza yokhala ndi thanki yosungira madzi inapangidwa m'chaka cha 1889 ndi Edwin Ruud, injiniya wa ku Norway amene ankagwira ntchito ku Pittsburgh m'dziko la America, ndipo inkayatsa ndi kuchepetsa moto payokha malinga ndi kutentha kwa madzi. Ntchito imeneyi lero imagwiridwa ndi thermostat, kachipangizo kamene kamadula magetsi kapena gasi madzi akafika pa mlingo woikidwa. Thankiyo inabwera ndi ngozi yakeyake. Madzi otsekeredwa m'chitsulo amatha kutentha kupitirira madigiri 100 osawira chifukwa chopanikizika, koma chitsulocho chikang'ambika ena mwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka kuposa madzi kuwirikiza pafupifupi ka 1,600. Maboila a m'mafakitale anasonyeza zimenezi: m'chaka cha 1905 boila inaphulika pa fakitale ya nsapato ya Grover ku Brockton, m'chigawo cha Massachusetts, n'kupha anthu 58, ndipo ngoziyi inathandiza kuti pakhazikitsidwe malamulo a kapangidwe ka maboila. Nzeru yomweyo inalowa m'nyumba kudzera pa valavu yotetezera, imene imatseguka yokha n'kutaya madzi kutentha kapena kupanikizika kukapyola muyezo. Kufunika kwake kunaonekeranso m'chaka cha 1982 ku Spencer, m'chigawo cha Oklahoma, kumene giza ya pasukulu ya pulayimale inaphulika valavu yake itakanika kugwira ntchito, ndipo ana 6 ndi mphunzitsi mmodzi anafa. N'chifukwa chake munthu amene amatseka paipi ya valavuyi pofuna kuletsa kudontha kwake amabwezera nyumba yake ku nthawi imene giza inalibe chitetezo chilichonse, ndipo mpopi ukayamba kulavula nthunzi m'malo mwa madzi, magetsi ayenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo.

Komabe chimene chimamaliza magiza ambiri ndi dzimbiri. Mathanki a mkuwa ankakhalitsa koma anali odula, pamene achitsulo anali otsika mtengo koma madzi otentha ankawadya msanga. M'chaka cha 1936 kampani ya A. O. Smith ya ku Milwaukee inalembetsa njira yomatira galasi lopyapyala m'kati mwa thanki yachitsulo, ndipo magiza ambiri akupangidwabe motero mpaka lero. Galasilo silikuta paliponse, ndiponso limachita timing'alu chifukwa chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira. Yankho la vutoli linachokera ku nzeru yakale ya panyanja. M'chaka cha 1824 katswiri wa sayansi Humphry Davy anasonyeza kuti mkuwa wokutira zombo zankhondo za ku Britain sudyeka ndi madzi amchere ngati aumatirira tizidutswa ta zinki kapena chitsulo, popeza madziwo amayamba kudya tizidutswato. M'giza, udindo umenewu uli ndi ndodo ya magnesium kapena aluminiyamu yotchedwa anodi, imene imapachikidwa m'kati mwa thanki kuti idyeke m'malo mwa thankiyo. Ikakhala yatsopano imakhala yosalala ndiponso yonenepa ngati chala chamanthu, koma pulambala akaisolola patapita zaka amapeza kawaya kowonda kokhala ndi tizibuma toyera apo ndi apo. Anodi ikatha, dzimbiri limatembenukira ku thanki, ndipo chizindikiro chake ndi madzi ofiirira otuluka pampopi wa madzi otentha pomwe wa madzi ozizira ukutulutsa oyera. N'zomvetsa chisoni kuti kachitsulo kotsika mtengo kameneka, kamene kangatalikitse moyo wa giza kakamasinthidwa pa nthawi yake, eni nyumba ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo.

Phokoso nalonso lili ndi gwero lodziwika. Madzi a m'madera ena, makamaka a m'mijigo, amakhala ndi mchere wa laimu umene umagwa pansi madziwo akatentha, n'kuundana pansi pa thanki ndi kukuta elementi, chitsulo chimene chimatenthetsa madzi ndi magetsi, monga mmene zoyera zimamatirira m'ketulo yakale. Madzi otsekeredwa pansi pa zoundanazo amawira n'kumathetheka, ndiye giza imamveka kugunda ndi kulindima, imachedwa kutentha ndipo imadya magetsi ambiri. Apa amisiri amasiyanitsa matenda awiri. Elementi yopsa, thermostat yakufa, valavu yodontha ndi anodi yotha ndi zinthu zosinthika, ndipo madzi ofunda chabe kapena ozizira nthawi zambiri amaloza ku zimenezi. Koma thanki yeniyeniyo ikayamba kuchucha pamsoko kapena pansi, giza yatha, chifukwa kuwotcherera kumaswa galasi lam'kati ndipo bowo lina limatseguka pambali posakhalitsa. Ku America giza yathanki amaiwerengera zaka pakati pa 8 ndi 12, ngakhale kuti mtundu wa madzi ungafupikitse kapena kutalikitsa nthawiyi.

M'mafamu ndi m'nyumba zogona alendo za kummwera kwa Africa munali kale njira ina yotenthetsera madzi imene m'madera ena ikadalipo, ndiyo mgolo wachitsulo wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa nyumba, umene ankausonkhezera nkhuni ndipo azungu ankautcha donkey. Mgolowo unkaonekera kwa aliyense, kotero ukabooka wosonkha moto ankadziwa tsiku lomwelo. Magetsi atafika m'matauni, giza inakwezedwa m'denga pamwamba pa siling'i, kumene palibe amene amaiona mpaka banga lachikasu litatulukira pasiling'ipo kapena siling'iyo itagwa ndi madzi. Dziko la South Africa linaika muyezo wotchedwa SANS 10254, umene mwa zina umafuna kuti pansi pa giza yotere pakhale thireyi yolandira madzi ndi paipi yowatulutsira kunja kumene angaoneke. Kudontha pang'ono pa paipi ya valavu pamene madzi akutentha si kwachilendo, koma madzi otuluka pa paipi ya thireyi amatanthauza kuti pamwambapo china chake chikuchucha. M'nyumba za lendi za ku Lilongwe kapena Blantyre, zimene alendi amasinthana pomwe giza ili yomweyo, kawirikawiri palibe amene amakumbukira chaka chimene inaikidwa, ndipo umboni wokhawo umakhala kachikwangwani komatidwa pathanki, kamene kuti munthu akawerenge ayenera kukwera m'denga ndi tochi.