CIMO, NTHENDA KAPENA MLANDU? MBIRI YA LAMULO LOCOKERA KU ENGLAND

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi ndi mafumu

Masabata apitawa tinali kukambirana za nkhokwe ndi kasungidwe ka cimanga. Lero tiyambe taika khasu pansi, tikambe mbiri. Nkhani yace ndi yolemera, ndipo ambiri a inu simuichula pamaso pa ana: ndiyo ya amuna amene agona ndi amuna anzao, zimene ena amati mathanyula. Mwaimva m'nyumba za mapemphero ndi m'misonkhano ya ndale, koma kawirikawiri cimene cafika kwa inu ndi phokoso lokha. Ine sindinadze kudzakuuzani coti mukhulupirire iai. Ndadza kufotokoza kumene lamulo la nkhani iyi linacokera, ndi m'mene abusa, madokotala ndi oweruza a ku England anatsutsirana pa ilo. Inu mafumu mudziwa kuti mlandu sauweruza usanamve ciyambi cace.

Mlandu ucoka kwa ansembe

Kale ku England nkhani iyi inali m'manja mwa mabwalo a mpingo. Ansembe anali kuiyesa cimo, potsata buku la Levitiko ndi kalata ya Paulo kwa Aroma. Koma m'caka ca 1533 Mfumu Henry VIII, imene inali pa mkangano ndi Papa, inalanda mlanduwu kwa ansembe niupereka ku mabwalo a boma, ndipo cilango cace cinali imfa. Gwirani bwino mfundo iyi, pakuti nkhani yathu yonse yagona pomwepa: cinthu cimene cinali cimo pamaso pa Mulungu cinasanduka tsopano mlandu pamaso pa boma.

Amuna awiri omariza kunyongedwa pa mlanduwu, James Pratt ndi John Smith, anafa ku London m'caka ca 1835. M'caka ca 1861 cilango ca imfa cinacotsedwa, ndipo m'malo mwace munalowa ndende ya zaka 10 kapena ya moyo wonse. M'caka ca 1885 phungu wina, Henry Labouchere, anaonjeza mau ena m'lamulo, kuti kacitidwe kali konse ka mtundu uwu pakati pa amuna, ngakhale m'nyumba mwao motseka citseko, kalangidwe ndi ndende yofika zaka 2. Wolemba mabuku wochuka Oscar Wilde anamangidwa ndi lamulo lomweli m'caka ca 1895. Anthu a mitima yoipa anapezerapo malonda: munthu anali kuopsa mnzace kuti akapanda kumpatsa ndalama akamnenera kwa apolisi, ndipo woopsedwayo analibe kothawira.

Madokotala alowapo

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 madokotala ena a ku Germany ndi ku Austria anayamba kunena kuti anthu awa si oipa mtima, koma ndi odwala. Poyamba mauwa anamveka ngati cifundo, cifukwa wodwala sakwapulidwa, apatsidwa mankhwala. M'caka ca 1952 bungwe la madokotala a nthenda za maganizo ku America linalemba khalidweli m'buku lace la matenda. Koma mankhwala ace anali owawa. Ena anali kumwetsedwa zosanzitsa, ena kugwidwa ndi magetsi, ena kubayidwa jekeseni, ndipo kucira kumene madokotala analonjeza sikunaoneke.

Tamvani za munthu mmodzi, dzina lace Alan Turing. Iye anali katswiri wa masamu. Pa nkhondo ya Hitler, imene asilikari athu a K.A.R. anamenya nao, Turing anali kugwira nchito mobisika pa malo ochedwa Bletchley Park, kumasula mauthenga a cinsinsi amene Ajeremani anali kutumiza kwa sitima zao za pansi pa madzi. Nchito iyi inapulumutsa anthu ambiri pa nyanja, ndipo nzeru zace zinathandiza kuti kompyuta ipangidwe. M'caka ca 1952 mbala inathyola nyumba yace pafupi ndi Manchester. Iye anapita kwa apolisi kukadandaula, ndipo pofunsidwa anabvomera kuti anali pa cibwenzi ndi mwamuna wina. Wodandaula uja anasanduka wopalamula. Woweruza anamuuza kuti asankhe ndende kapena jekeseni wofoola cilakolako. Anasankha jekeseni, nabayidwa caka cathunthu, kufikira thupi lace linayamba kuphuka mabere. Boma linamletsanso nchito zace za cinsinsi. M'mwezi wa June 1954 anapezeka atafa ndi poizoni, ali ndi zaka 41, ndipo ofufuza anagamula kuti anadzipha. Anthu ambiri sanadziwe zimene anawacitira pa nkhondo, cifukwa boma linabisa nchitoyo kufikira zaka za m'ma 1970.

Abusa adabwitsa anthu

M'caka comweco ca 1954 amuna oposa 1,000 anali m'ndende za ku England ndi Wales pa milandu yotere. Pamene mfulu ina yochuka, Lord Montagu, inamangidwa pamodzi ndi anzace awiri, anthu anayamba kufunsana ngati apolisi alibe nchito ina. Kapena muyesa kuti amene anayamba kupempha kuti lamulo lionedwenso anali anthu osapemphera. Si conco. Kabungwe ka Mpingo wa England koyang'anira za makhalidwe, motsogozedwa ndi maganizo a wansembe Derrick Sherwin Bailey, kanalemba m'caka ca 1954 kupempha boma kuti lifufuze. M'caka ca 1956 kabungwe ka Akatolika, kosankhidwa ndi Cardinal Griffin, kanafika pa mfundo yofanana.

Musamve molakwa. Abusa awa sananene kuti khalidweli ndi labwino. Iwo anali kuliyesabe cimo. Cimene ananena ndi cakuti si cimo liri lonse limene liyenera kupita kwa apolisi. Inu mafumu mudziwa zimenezi. Munthu woumira amene amana mbale wace nsima m'caka ca njala acimwa ndithu, ndipo mudzi wonse umnena, koma simumtumiza ku ndende. Cigololo comwe ku England sicinali mlandu womangitsa munthu, ngakhale mpingo unali kucitsutsa kolimba. Tsono abusa anafunsa: cifukwa ninji cimo ili lokha?

Boma linasankha anthu 15, pakati pao oweruza, madokotala, abusa ndi aphungu, ndipo mtsogoleri wao anali John Wolfenden, mkuru wa sukulu ya ukacenjede ya Reading. Anagwira nchito zaka zitatu, ndipo pa 4 September 1957 anaturutsa maganizo ao. Anati nchito ya lamulo ndiyo kusunga mtendere ndi kuchinjiriza ana ndi ofooka kuti asagwiriridwe, koma zimene akuru awiri a zaka 21 kapena kuposa acita m'nyumba mwao mogwirizana zisakhalenso mlandu. Anatinso umboni sunawakhutitse kuti khalidweli ndi nthenda. Mmodzi wa iwo, James Adair wa ku Scotland, anakana mfundo yaikuruyo, nati lamulo likacoka acinyamata adzayesa kuti boma labvomereza.

Mpingo unagawanika. Msonkhano waukuru wa Mpingo wa England unabvomera ndi mavoti 155, okana anali 138. Mpingo wa Scotland, umene unatuma amishoni ku Blantyre, unakana pa nthawi imeneyo. Woweruza wamkuru Lord Devlin anati m'caka ca 1959 mtundu wa anthu umangika ndi mwambo umodzi, ndipo boma liri ndi mphamvu yosunga mwambowo. Maganizo ace tingawafanizire ndi luzi lomanga nyumba: ukalidula apa ndi apo denga ligwa. Mphunzitsi wa malamulo wa ku Oxford, H. L. A. Hart, anamyankha kuti asanamange munthu ayambe aonetsa amene wapwetekedwa, pakuti kunyansidwa kwa anthu ambiri pakokha si umboni wa mlandu. Mkangano wa akuru awiri awa ukali kuphunzitsidwa kwa ophunzira malamulo kufikira lero.

Nyumba ya Malamulo inazengereza zaka 10. M'mwezi wa July 1967 lamulo linasinthidwa ku England ndi Wales monga mwa maganizo a Wolfenden, ndipo mkuru wa Mpingo wa England, Michael Ramsey, anali mmodzi wa olibvomera. Scotland inatsata m'caka ca 1980, Northern Ireland m'caka ca 1982.

Sayansi ibweza mau ace

Nanga madokotala aja? Ku America mai wina wophunzira za maganizo, Evelyn Hooker, anacita monga mlimi wocenjera amene abzala mbeu ziwiri m'minda yofanana kuti aone yobereka. Anatenga amuna 30 okonda amuna anzao ndi amuna 30 okonda akazi, onse osadwala misala, nawayesa mayeso amodzimodzi. Mayankho anawapereka kwa akatswiri osawauza mwini wace. Akatswiriwo analephera kulekanitsa magulu awiriwo. Zimenezi zinasindikizidwa m'caka ca 1957. Colakwa ca madokotala akale cinaonekera: iwo anali kuyesa anthu a m'ndende ndi a m'zipatala okha, monga munthu amene aweruza munda wonse poona mapesi a m'mphepete odyedwa ndi mbuzi.

M'caka ca 1973 bungwe la ku America lija linacotsa khalidweli m'buku la matenda, ndipo bungwe la za umoyo la dziko lonse linatero pa 17 May 1990. M'caka ca 2019 akatswiri anayesa cibadwa ca anthu pafupifupi 480,000, napeza kuti palibe kanthu kamodzi m'cibadwa kamene kalamula khalidweli. Pali tinthu tambiri tating'ono pamodzi ndi zina za m'moyo wa munthu. Sayansi inatha kunena kuti iyi si nthenda, koma funso la cimo siinaliyankhe, cifukwa ilo silipimidwa pa sikelo. M'caka ca 1998 mabishopu a Anglican a dziko lonse, ambiri ocokera ku Africa, anagamula ndi mavoti 526 pa 70 kuti khalidweli ligundana ndi Malembo, koma anatinso anthuwo amvedwe ndipo asadedwe. Kuyambira 2014 boma la England limangitsa maukwati otere, koma Mpingo wa England sumawamangitsa. Kunena za Turing, boma linapepesa m'caka ca 2009, Mfumukazi Elizabeth II inamkhululukira m'caka ca 2013, ndipo nkhope yace inaikidwa pa ndalama ya mapaundi 50 m'caka ca 2021.

Lamulo linafika bwanji kuno

Angerezi analemba lamuloli m'buku la milandu la ku India m'caka ca 1860, ndipo pambuyo pace analowetsa malamulo ofanana m'maiko ena amene anali kulamulira. Buku la milandu la Nyasaland linayamba kugwira nchito m'caka ca 1930, ndipo ndime 153 ya bukuli inaika ndende ya zaka 14. Malawi ndi Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964, kutatsala zaka zitatu kuti Angerezi asinthe lamulo kwao, cotero kusinthako sikunatikhudze.

Komabe sitinganene kuti lamuloli ndi la alendo okha, pakuti eni dziko analisunga. M'caka ca 2010 bwalo la ku Blantyre linapereka zaka 14 kwa anthu awiri amene anacita cinkhoswe, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patapita masiku owerengeka. Caka comweco aphungu anaonjeza ndime yokhudza akazi. M'mwezi wa July 2023 Akristu ndi Asilamu anayenda m'miseu kupempha kuti lamulo lisacoke, ndipo m'mwezi wa June 2024 bwalo lalikuru linagamula kuti likhalebe, niliti kusintha ndi nchito ya Nyumba ya Malamulo. Anansi athu ena anatsata njira ina: South Africa inalola maukwati otere m'caka ca 2006, Mozambique inacotsa mlanduwu m'caka ca 2015, ndipo Botswana m'caka ca 2019.

Mau kwa mafumu

Mwaona kuti m'nkhani iyi muli mafunso atatu amene anthu amawasanganiza. Lakuti kodi ndi cimo, liri kwa mpingo ndi mzikiti ndi mtima wa munthu. Lakuti kodi ndi nthenda, madokotala analiyankha atalakwa zaka zambiri. Lakuti kodi boma limange, liri kwa aphungu ndi oweruza, ndipo pa ilo anthu opemphera omwe anasiyana maganizo. Nkhani yotere ikabuka m'mudzi mwanu, kumbukirani kuti palibe lamulo lolola khamu kumenya munthu, kutentha nyumba yace kapena kumlanda munda. Wocita zimenezi apalamula mlandu wacewace. Kumbukiraninso kuti mphekesera yotere ndi cida capafupi kwa munthu wofuna kubwezera mnzace pa mkangano wa malire. Wonenedwayo ali ndi amai ace ndi amalume ace pamudzi pomwepo, ndipo iwo adzayang'ana kwa inu. Paja akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku munda, tikambe za kukonza manyowa mvula isanagwe. Tsalani bwino nonse.