Chilango cha munthu wopezeka ndi mapepala oponyera voti popanda chilolezo

Pepala loponyera voti ndi katundu wa bungwe loyendetsa chisankho la Malawi Electoral Commission (MEC). Woponya voti amalilandira kwa wogwira ntchito pa malo oponyera voti, amachongapo mobisika, amalipinda ndi kuliponya m'bokosi asanachoke pamalopo. Kupatula ogwira ntchito za chisankho amene MEC yawatuma, palibe wina wololedwa kusunga, kunyamula kapena kusindikiza mapepalawa, kaya ndi mfumu, mtsogoleri wa chipani, mlimi kapena wamalonda. Lamuloli limakhudza anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Jenala m'boma la Phalombe monga momwe limakhudzira Mmalawi aliyense.

Milandu imeneyi ili pansi pa lamulo la 2023 la chisankho cha pulezidenti, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala. Ndi mlandu kutuluka ndi pepala loponyera voti pamalo oponyera voti, kulipereka kwa munthu wina popanda chilolezo, kupanga pepala lachinyengo, kuliwononga mwadala kapena kuponya m'bokosi pepala lina losakhala limene munthu wapatsidwa. Wopezeka wolakwa akhoza kulamulidwa ndi bwalo la milandu kulipira chindapusa chofika K10 miliyoni ndi kukhala kundende mpaka zaka zisanu.

Chilangochi n'chokhwima chifukwa pepala lililonse limawerengedwa. Kuvota kukatha, oyang'anira malowo, pamaso pa oimira zipani, amayerekeza mapepala amene analandira ndi amene agwiritsidwa ntchito, owonongeka komanso otsala. Pepala limodzi likasowa, ziwerengero sizigwirizana ndipo zotsatira za malo onsewo zimakayikiridwa. Dziko lino likudziwa mtengo wa chikayiko chotere: pa 3 February 2020 bwalo la milandu linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019 chifukwa cha zolakwika pa zikalata za zotsatira, ndipo anthu anavotanso pa 23 June 2020.

Munthu amene walakwitsa pochonga asabise kapena kutaya pepalalo. Alibweze kwa mkulu woyang'anira malo oponyera voti, amene adzam'patsa lina. Amene wapemphedwa kusungira mnzake mapepala otere, ngakhale mnzakeyo ndi wachibale, akane. Ndipo amene wawatola panjira, kumunda kapena kumsika akadziwitse apolisi kapena ofesi ya MEC ya m'boma la Phalombe mwamsanga, osapita nawo kunyumba.